Munyamuke nawo ulendo wa ku Joni, kapena muyambe mwatsala?

Kalata yanu, achemwali, ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndipo tulo tinandivuta. Mwalemba kuti bambo a kunyumba kwanu apeza ntchito ku Johannesburg, ndipo mukufunsa ngati n'kwanzeru kunyamuka nawo kapena kutsala kuno ku Zomba kufikira iwo atakhazikika. Funso lomweli linandisautsa ine m'chaka cha 2013, ndikukhala m'nyumba ya lendi ku Chinamwali.

Ife tinapita limodzi. Tinakwera basi pa Wenela mu Blantyre, tinadutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo pofika pa Park Station miyendo inali itatupa. Chipinda chimene tinafikiramo tinkakhalamo mabanja awiri, pakati titatchinga nsalu, ndipo kuzizira kwa mwezi wa Juni kunaposa kwa pamwamba pa phiri lathuli. Koma zimenezo thupi limazolowera. Chimene chinandipweteka n'chakuti amuna anga ankalawirira ku ntchito, kumene ankatola Chizulu ndi kupeza anzawo, pamene ine ndinkaswera m'chipinda chifukwa sindinkadziwa ngakhale zizindikiro za zala zoimitsira minibasi za kumeneko. Kuno ndinali ndi benchi yanga mumsika, ndikugulitsa matemba a ku Chilwa ndi mpunga, koma kumeneko ndinkapempha ndi ya sopo yomwe. Munthu wozolowera kudzidalira akayamba kupempha, mtima umawawa, ndipo mkwiyo wake umagwera amene wagona naye chipinda chimodzi.

Tinakangana koopsa m'miyezi yoyambayo, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti kwathu kuno banja silikhala la anthu awiri okha. Mukayambana, ankhoswe amabwera n'kukhala pamphasa mpaka nkhani itatha, malume amamva, ndipo kwa ife a chikamwini mwamuna amadziwa kuti ali pakati pa abale a mkazi wake. Kunja zonsezi kulibe. Tinayesa kuimbira ankhoswe foni, koma mayunitsi ankatha mbali imodzi isanamalize kufotokoza. Anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Machinga amene tinakumana naye kutchalitchi. Iye ndi amuna ake anavomera kutikhalira ngati ankhoswe, ndipo ndi yemweyo anandipezera ntchito yoyamba yochapa ndi kusita.

Mwina mukuganiza kuti ndikukuuzani kuti mutsale. Ayi ndithu. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku South Africa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodiko, boma la Kamuzu Banda lisanaimitse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Iwo anabwerako, koma achimwene awo anatchona, ndipo akazi awo anakalamba akuyang'ana kumsewu. Mawu akuti matchona sanabwere chabe m'chinenero chathu. Masiku ano kuli WhatsApp, koma ndaona ndi maso anga mabanja amene ndalama zinkabwera mwezi ndi mwezi chaka choyamba, chachiwiri zinayamba kudumphadumpha, chachitatu kunamveka zoti kuli mayi wina. N'chifukwa chake malangizo akuti mwamuna atsogole, popanda kutchula mwezi umene mkazi adzamutsatire, ine ndimawakana kotheratu. Kumeneko n'kumwaza banja mwaulemu.

Sindibisanso za mantha. Mu Epulo 2015 zipolowe zolimbana ndi alendo zinabuka ku Durban n'kufika ku Johannesburg, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Tinakhala masiku angapo osatuluka. Usiku wina tinawerenga ndalama imene tinkasunga m'chitini, tinapeza kuti ikukwana matikiti awiri, ndipo tinagwirizana kubwerera. Chitinicho chinali chinthu chokhacho chimene tinali tisanakanganirepo.

Za mapepala ndi ndalama

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda visa kwa masiku 30 okha ngati mlendo, ndipo zimenezo sizimupatsa ufulu wogwira ntchito. Wopyola masikuwo akhoza kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu. Choncho funsani bambowo ngati ali ndi chilolezo chenicheni cha ntchito, ndipo muchione nokha. Ukwati wanu mulembetse ku boma, mutenge setifiketi yake pamodzi ndi zikalata za kubadwa za ana. Pasipoti yanu muzisunga nokha. Musananyamuke, khalani pansi ankhoswe a mbali zonse alipo, mugwirizane ndalama imene izipita kwa makolo a kuchimuna ndi a kuchikazi, chifukwa foni zochokera kumudzi zidzayamba sabata yoyamba.

Ngati chilolezocho chilipo, alekeni atsogole miyezi iwiri kapena itatu kuti akapeze chipinda chanuchanu, koma tsiku la ulendo wanu litchulidwe pamaso pa ankhoswewo. Benchi yanu kapena munda musagulitse, musiyire mchemwali wanu akusungireni. Ine yanga ndinaipeza ilipo, ndipo Lolemba lotsatira ndinali nditayala kale matemba.