Mafunso pa Chichewa: Kodi a Nangozo ndi mkazi wa a Ngozo?

Wowerenga wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, watilembera motere: "Agogo anga aakazi anthu amawatchula a Nangozo, koma amuna awo anali a Phiri. Kodi anthu amalakwitsa? Nanga ife tonse timayankhula Chichewa, bwanji amati ndife Angoni?"

Salakwitsa ayi, bambo. Na- amene timaika patsogolo pa mfunda amatanthauza mwana wamkazi wobadwira ku mfundawo. A Nangozo ndi mwana wa kwa Ngozo, monga a Naphiri ali a kwa Phiri, a Nabanda a kwa Banda, a Nambewe a kwa Mbewe. Mkazi akakwatiwa sataya Na- wakeyo. Ku ofesi kapena ku tchalitchi agogo anu akanalembedwa kuti Mayi Phiri, koma kumudzi adzakhala a Nangozo mpaka kale, ndipo kuwaitana chotero ndi ulemu waukulu kuposa kutchula dzina lawo laubwana. Kumpoto amati Nya-, n'chifukwa chake mumamva Nyajere kapena Nyabanda. Polemba, a waulemu mumuike payekha: a Nangozo.

Funso lachiwirilo ndiye lili ndi nkhani. Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza ndi a Maseko, ndipo makolo awo adachoka kummwera kwa Africa pa nkhondo za m'nthawi ya Shaka, m'zaka za m'ma 1820. Ambiri amawaphatikiza ndi gulu la Zwangendaba Jere lomwe lidawoloka Zambezi mu 1835, koma awa adali magulu awiri. A Maseko, motsogozedwa ndi Mputa, adakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania. Atagonja kumeneko adabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika ku Domwe, tsidya la Mozambique, kufupi ndi Dedza. Kuchokera apo ndiye timamva za mafumu awo: za Chikuse, za Gomani yemwe Angerezi adamupha mu 1896, ndi za Kachindamoto wa ku Mtakataka.

Ulendo wonsewo ankagwira anthu m'njira n'kuwalowetsa m'gulu, ndipo atafika kuno adakwatira akazi a Chichewa ndi a Chintumba, mtundu wina umene adaupeza m'derali. Mwana amayamwira chiyankhulo kwa mayi ake. Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu ngati Inkosi ya Makosi ndi Bayethe, ndi m'mifunda. Ngakhale liwu loti chiwongo, limene ena amalikonda kuposa mfunda, ndi m'bale wake wa isibongo la Azulu. Chiwongo ndi mfunda, onse awiri ndi Chichewa chabwino lero.

Tsono musamati aliyense wovina ngoma makolo ake adachokera kwa Azulu. Mifunda ya Maseko, Ndlovu, Ngwenya ndi Nyathi imaloza kummwera kwenikweniko. Atatu omalizawo ndi njovu, ng'ona ndi njati. Moyo ndi Shumba ndi ya Mashona a ku Zimbabwe, kumene magulu a Angoni adadutsa. Ndipo alipo a Phiri ndi a Banda ambirimbiri ku Ntcheu amene ndi Angoni pa mwambo, amalowola, amapita ku Umhlangano, chikondwerero cha Angoni a Maseko, ku Nkolimbo, pamene makolo awo Angoniwo adawapeza konkuno. Ine sindiona chifukwa choti wina adzitame kuti Ungoni wake ndi weniweni kuposa wa mnzake, popeza gululo lidakula ndi kutolera anthu.

Mayi wina wa ku Dedza akufunsa: "Pa satifiketi ya bambo anga adalemba Ndhlovu, achimwene anga ku Johannesburg akuti cholondola ndi Ndlovu. Tisinthe?"

Musasinthe, mayi. Ndhlovu ndi kalembedwe kakale ka dzina lomwelo, kamene kadatsala kuno ndi ku Zambia pamene Azulu adachotsa h. Vuto lenileni lili pakamwa, osati papepala. Chichewa chilibe dl, hl, kapena kaphokoso kodula lilime kamene amalemba ndi q. Malemu Albert Muwalo Nqumayo, yemwe adali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP ndipo kwawo kudali ku Ntcheu, dzina lawo lomalizali ndi Amalawi ochepa amene amalitchula ngati Mzulu. Aliyense amalifewetsa monga lilime lake lingathere, ndipo palibe cholakwika.

Chimene mungasamale ndi chakuti dzina lilembedwe chimodzimodzi pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pa masatifiketi a sukulu. Chilembo chimodzi chikasiyana, a ku banki kapena a pachipata cholowera dziko lina amati ndi anthu awiri, ndipo mbiri ya Mputa siingakuthandizeni pamenepo. Achimwene anuwo, ngati mapepala awo adatuluka ndi h, naonso amusiye momwemo.