Kuyankha alamu za njinga yamoto ija

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, ndinali pamsewu. Uthenga wanu ndaumva, woti ogulitsa njinga akuti muwasiyire yanu yakaleyo, muwonjezere ndalama, mutenge yatsopano, ndiye mukufunsa kuti mutero kapena mungokhala nayo yomweyo. Kulemba kungatalike, bola ndingolankhula.

Ndikufunseni kaye, njingayo yakulakwirani chiyani? Chifukwa zonse mwatchula zija, tcheni kuchita phokoso, tayala lakumbuyo kuperepeseka, kuvuta kulira m'mawa, aaa, amenewo si matenda alamu. Zimenezo ndi zinthu zoti zimatha basi, ngakhale yatsopanoyo zidzathanso. Tchenicho sinthani, koma musinthe pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, magudumu a mano aja omwe tcheni chimayendapo, apo ayi mano akuthawo adya chatsopanocho msangamsanga. Zovuta kulirazo kawirikawiri ndi batire, pulagi, kapena kabuleta yada. Makaniko ayeze batirelo: njinga ili chozima lizionetsa mavoti cha m'ma 12.6, ikalira azikwera pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akapanda kukwera ndiye kuti sikutchaja, ndipo zimenezonso zimakonzeka. Matayalawo, yang'anani m'mbali, pali manambala anayi. Mukaona 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale mapala akuoneka, limauma n'kumaterera.

Zimene ine ndingachite nazo mantha ndi zina. Fulemu. Ngati inapindika pangozi, kapena ili ndi mng'alu pafupi ndi khosi pomwe pali chiwongolero, imeneyo isiyeni ipite, musanyengerere. Kenako injini, koma apa mumvetsetse. Utsi wabuluu kumbuyo ndiye kuti ikudya oyilo, nthawi zambiri ndi maring'i a pisitoni kapena masilo a mavavu, ndipo amangotsegula kumtunda kokha. Koma ikamagogoda pansi, gu gu gu, kapena giya ikamatuluka yokha mukuyenda, kapena mukakhuthula oyilo muone tizitsulo tonyezimira, pamenepo ndiye ayenera kung'amba injini yonse pakati, ndipo ndalama yake imatha kuyandikira mtengo wa njingayo. China ndi masipeya. Ngati mumakhala mwezi kusaka kachitsulo kamodzi, eee, pamenepo ndikuvomerezani.

Tsopano ogulitsa aja. Anthu amenewo si oipa ayi, koma ali pa bizinesi. Yanuyo akaitenga akaigulitsanso, ndiye ayenera kuitenga motchipa kuti phindu likhalepo. Ndipo pali kamasewera kena. Amakuuzani mtengo wosangalatsa wa yakaleyo, inu mtima n'kukhala m'malo, pomwe pa yatsopanoyo sanakuchotsereni kalikonse. Ndiye musamayang'ane kuti yanu aiwerengera zingati. Yang'anani zimene mutulutse m'thumba. Muwafunse kaye ngati munthu wopanda njinga, kuti ndikalipira zonse lero mundipatsa pa zingati? Akatchula, ndiye mubweretse nkhani ya yakaleyo. Mukatero muona poyera pomwe yanu aiika.

Ine zinandichitikira, achemwali akukumbuka. Ndinasinthitsa njinga yanga yofiira ija chifukwa cha tizinthu ngati tanu tomweti. Patapita masabata ochepa ndinadutsa pomwepo, ndinaipeza yaima kutsogolo, aitsuka mbee, tcheni chatsopano, mtengo wake ndinachita kuwerenga kawiri. Ndinangoti kakasi. Zomwe anaikonza ndikanatha kuikonza ndekha, n'kukhala wopanda ngongole zaka ziwiri zotsatirazo.

Chifukwa mukumbuke, njinga yatsopano imagwa mtengo kwambiri zaka zoyambirira. Yanuyo inagwa kale, inafika pansi, panopa ikungokugwirirani ntchito. Yatsopano mukaitenga pangongole pali chiwongoladzanja, inshuwalansi nayo imakwera, komanso kuti chitsimikizo chawo chija choti ikavuta akukonzerani chigwire, ambiri amafuna muzikapangitsa sevisi kwa iwo panthawi yake. Komanso yakaleyo mukuidziwa, ikangosintha kaliridwe mumamva.

Sindikunena kuti zatsopano zilibe ubwino. Zambiri masiku ano zilibe kabuleta, mafuta amachita kupopedwa ndi kompyuta, ndiye zimalira kamodzin'kamodzi ngakhale kukuzizira, koma zikavuta si makaniko aliyense angazigwire, pamafunika makina oyezera. Chachikulu kwa ine ndi mabuleki a ABS, aja amaletsa tayala kusiyiratu kuzungulira mukamanga mwadzidzidzi. Ku Ulaya kuyambira 2017 njinga iliyonse yatsopano ya injini yopitirira 125cc imayenera kukhala nawo. Inu mumanyamula achemwali kumbuyo, ndiye ngati chifukwa chanu chili chimenecho, ine sinditsutsa. Koma mufunse ngati imene akufuna kukupatsaniyo ili nawodi, chifukwa zing'onozing'ono zambiri zilibe. Ikakhala ilibe, ndiye kuti mukugula penti.

Mukalimbikirabe kuti ayi ndatopa nayo, igulitseni nokha. Ndi chintchito, anthu okuimbirani usiku, ena ongofuna kuikwera, mapepala osinthira umwini, koma ndalama imabwera yochulukirapo kusiyana ndi kuwasiyira aja.

Ndiye mmene ndikuonera ine, isungeni. Musasaine kanthu sabata ino. Pitani nayo kwa makaniko amene sagulitsa njinga, ayeze mphamvu ya injini, aone fulemu ndi mabelingi, akulembereni zonse zofunika ndi mitengo yake, kenako muyerekeze ndi ndalama yowonjezera ija. Mawa m'mawa musanailize, injini ili yozizira, wina agwire foni kumbuyo ajambule utsiwo, mubweretsenso foniyo pafupi ndi injini ndimve kaliridwe kake. Munditumizire pomwe pano. Ndipo alamu, oyilo munasintha liti? Mundiyankhe zoona, achemwali akumva.