Yankho kwa Malume pa Nkhani ya Kuthamangitsa Alendo ku Britain

Malume, madzulo abwino. Ndamvera uthenga wanu ndipo kanema amene munaika pa gulu la banja ndamuonera mpaka kumapeto. Mwafunsa ngati n'zoona kuti Angerezi atopa nafe ndipo akufuna kuthamangitsa alendo onse, komanso ngati bambo wa mu kanemayo akunena zoona kuti apolisi ndi makhoti kuno amalanga mzungu mwankhanza pamene mlendo amangomunyengerera. Mwatchulanso za msuweni wanga amene akufuna kubwera kudzasamalira okalamba. Ndiyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi siyokwana pa mizere iwiri.

Zimene bambo uja akunena si zake yekha. Ndi mfundo za chipani cha Reform UK chimene amatsogolera Nigel Farage. Pa chisankho cha July 2024 chipanichi chinapeza mavoti 14 pa 100 aliwonse koma mipando isanu yokha ya ku nyumba ya malamulo, ndipo kuchokera pamenepo chakula kwambiri. Mu August 2025 Farage analengeza kuti akadzalowa m'boma adzabweza kwawo anthu ofika 600,000 m'zaka zisanu, ndipo adzatulutsa Britain mu pangano la ufulu wachibadwidwe la mayiko a ku Ulaya limene maloya amagwiritsa ntchito poletsa munthu kukwezedwa ndege. Mwezi wotsatira anthu opitirira 100,000 anaguba mu London pa chionetsero chimene anaitanitsa Tommy Robinson, munthu wodziwika ndi kutsutsa za alendo. Choncho musaganize kuti ndi kagulu ka anthu ochepa.

Mkwiyo wawo wagona kwambiri pa mabwato. Anthu amawoloka nyanja kuchokera ku France pa mabwato a mphira odzaza mopitirira muyeso, ndipo mu 2022 anawoloka opitirira 45,000, mu 2024 pafupifupi 37,000. Akafika amapempha kuti awalandire ngati othawa kwawo, ndipo podikira yankho boma limawasunga ambiri m'mahotela. Mu 2023 boma lenilenilo linanena kuti mahotelawa amadya mapaundi pafupifupi 8 miliyoni tsiku lililonse. Ndimagwira ntchito ndi mayi wina wachizungu amene mwana wake ali ndi ana awiri m'chipinda chimodzi chachinyontho, ndipo wakhala zaka pa mndandanda wodikira nyumba ya khonsolo. Mayi ameneyu akamadutsa pa hotela yodzaza anyamata achilendo mtima umamuwawa, ndipo ine sindingamutche woipa chifukwa cha zimenezo. Chimene samauzidwa n'chakuti mnyamata wa mu hotelayo amalandira ndalama zosakwana mapaundi khumi pa sabata, lamulo silimulola kugwira ntchito, ndipo amakhalitsa mmenemo chifukwa boma limachedwa kugamula nkhani yake. Samauzidwanso kuti a mabwato ndi gawo laling'ono la alendo onse. M'chaka chimene chinatha mu June 2023 anthu olowa m'dziko muno anaposa otuluka ndi oposa 900,000, ndipo ochuluka zedi anabwera ndi viza: ophunzira, anamwino, ndi ife osamalira okalamba amene boma linatiitana lokha litaona kuti nyumba za okalamba zilibe antchito.

Za kubweza anthu kwawo, kulankhula n'kophweka kuposa kuchita. Boma la Conservative linayesa mu April 2022 ndi pangano lotumiza ofika pa mabwato ku Rwanda. Khoti lalikulu kwambiri m'dziko muno linagamula mu November 2023 kuti dongosololo n'losemphana ndi lamulo, ndipo boma latsopano la Labour la Keir Starmer litalithetsa mu July 2024 linanena kuti panali patapita mapaundi 700 miliyoni, koma amene anapita ku Rwanda anali anthu anayi okha, ndiponso mwa kufuna kwawo. Munthu wa ku Afghanistan, Eritrea kapena Sudan sungangomukweza ndege ngati dziko lake silimulandira kapena ngati akukaphedwa kumeneko.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndilo lolemera. Pa 29 July 2024 mnyamata wa zaka 17 anabaya ana pa kalasi yovina ku Southport, ndipo atsikana atatu aang'ono anamwalira. Tsiku lomwelo bodza linafala pa intaneti kuti wakuphayo ndi Msilamu wofika pa bwato, chonsecho anabadwira ku Cardiff kwa makolo ochokera ku Rwanda. Zipolowe zinabuka m'mizinda yambiri, ndipo pa 4 August gulu la anthu linayesa kuotcha hotela ina ku Rotherham muli anthu mkati. Makhoti anazenga milandu mwachangu. Mayi wina wa ku Northampton, Lucy Connolly, anali atalemba pa tsamba la mchezo la X kuti alendo abwezedwe onse ndipo mahotelawo ayatsidwe moto. Anafufuta patapita maola ochepa, anavomera mlandu, ndipo anapatsidwa miyezi 31. Dzina lake ndi limene otsatira Farage amatchula nthawi zonse. Amafunsa kuti mayi amene sanaponye mwala angakhale bwanji m'ndende nthawi yaitali kuposa anthu ena omenya anzawo. Ineyo ndimaona kuti chilangocho chinali chachikulu, ndipo anthu oganiza bwino amasiyana maganizo pa icho. Koma kunena kuti anamulanga chifukwa ndi mzungu sindikuvomereza, chifukwa dziko lino limachita chimodzimodzi nthawi iliyonse ya zipolowe. Mu 2011, zipolowe zitayamba ku Tottenham mu London apolisi atawombera munthu wina dzina lake Mark Duggan, makhoti ankazenga milandu usiku wonse, achinyamata akuda ambiri anapita kundende, ndipo anyamata awiri anapatsidwa zaka zinayi aliyense chifukwa chongolemba pa Facebook zoitanira anthu ku chipolowe chimene sichinachitike n'komwe. Komiti ya aphungu imene inafufuza zipolowe za 2024 inanenanso mu April 2025 kuti sinapeze umboni wakuti apolisi anakondera.

Pali nkhani imodzi imene anthuwa ali ndi mfundo yeniyeni, ndipo sindingakubisireni. Lipoti la Alexis Jay la mu 2014 linapeza kuti ana osachepera 1,400 anachitidwa nkhanza zogonana ku Rotherham pakati pa 1997 ndi 2013, ambiri mwa ochita zimenezi anali amuna a mtundu wa ku Pakistan, ndipo akuluakulu ena anaopa kulankhula poopa kutchedwa atsankho. Atsikanawo, ambiri ochokera m'mabanja osauka achizungu, apolisi sanawakhulupirire. Chimenecho chinali chinyengo cha chilungamo, ndipo amene amachikana amangowonjezera mphamvu kwa Farage. Chokhacho, munthu wakuda akamva kuti malamulo kuno amatikondera amadabwa, chifukwa ziwerengero za boma zimaonetsa kuti ife timaimitsidwa ndi kusechedwa mumsewu kangapo kuposa azungu. Mu 2018 zinaululika kuti anthu a ku Caribbean a m'badwo wa Windrush, amene anakhala muno movomerezeka kuyambira ali ana, anachotsedwa ntchito, anakanizidwa chithandizo cha kuchipatala, ndipo ena anathamangitsidwa molakwa, mpaka nduna Amber Rudd inatula pansi udindo.

Nkhani ya Windrush imeneyi ndi imene imandisowetsa tulo, Malume, chifukwa Amalawi anzathu ena kuno amati zonsezi n'za a mabwato, ife tili ndi mapepala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata ya zipolowe ija palibe amene ankafunsa pasipoti. Ku Middlesbrough anyamata ankaimitsa magalimoto n'kumafunsa woyendetsa ngati ndi mzungu. Kuntchito kwathu abwana anatisinthira mashifiti kuti tisayende usiku, ndipo mnzanga wa ku Nigeria ankabisa baji yake ya ntchito m'thumba n'kuphimba yunifolomu ndi jekete ngakhale kunali kotentha, poopa kuti angamutsatire akatsika basi. M'mawa mwake anali kusambitsa ndi kudyetsa agogo a anthu omwewo. Ndiponso malire a amene ali wololedwa amasunthasuntha. Mu September 2025 Reform inanena kuti idzathetsa chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, ngakhale kwa amene anachilandira kale, kuti aliyense azipemphanso viza zaka zisanu zilizonse. Boma la Labour nalo, poona kumene mphepo ikulowera, linanena mu May 2025 kuti likufuna zaka zodikira chilolezocho zichoke pa zisanu zifike khumi. Ine ndinabwera nditawerengera zisanu.

Pena ndimakumbukira kuti kwathunso mu 2023 boma linatola Aburundi, Anyarwanda ndi Akongo m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo ambiri a ife tinaombera m'manja ponena kuti atilanda malonda. Mawu ake ndi omwewa amene a Operation Dudula amanenera abale athu ku Johannesburg. Sindikunena kuti dziko lisamateteze malire ake. Dziko lililonse lili ndi ufulu umenewo, ndipo mlendo wopalamula mlandu waukulu abwezedwe ndithu. Chimene ndimakana ndi kutenga tchimo la munthu mmodzi n'kuliveka aliyense wa khungu lofanana naye.

Za msuweni wanga, chonde mverani bwino. Kuyambira March 2024 osamalira okalamba saloledwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu July 2025 boma linatsekeratu njira yolembera osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja. Choncho ejenti aliyense amene akukuuzani kuti mulipire mamiliyoni kuti amupezere kalata ya ntchito imeneyi akufuna kukuberani, ndipo munda uja musagulitse. Wina akakuuzani kuti abwere ngati wodzacheza kenako angosowa, dziwani kuti munthu wopanda mapepala kuno sangalembedwe ntchito yovomerezeka, sangachite lendi m'dzina lake ku England, sangatsegule akaunti ku banki, ndipo amakhala m'manja mwa aliyense womuopseza kuti akamunenera. Ngati mtima wake uli pa za chipatala, amalize maphunziro a unamwino, chifukwa njira ya anamwino ikadali yotsegula ngakhale ili ndi mayeso ake a Chingerezi ndi a ntchito. Mapepala amene ejentiyo anakupatsani muwajambule munditumizire kumbali, osati pa gulu, ndipo ndikaweruka mawa ndiyang'ana dzina la kampaniyo pa mndandanda wa boma wa olemba ntchito ololedwa. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse.