Mwana akutolera mafuta a chipisi, sukulu yake ndi imeneyi?

Funso la lero lachokera kwa mayi ena aku Matawale. Akuti mtsikana wawo akupanga Chemistry pa Chanco koma masiku ano akumangozungulira m'ziwaya za chipisi ku Chinamwali ndi kachigubu, kupempha mafuta otha ntchito ati akapangire dizilo ku labu. Ndiye akufunsa ngati fizi yawo sikulowa m'madzi.

Mayi, khazikani mtima pansi, imeneyo ndi Chemistry yeniyeni. Mafuta akuda aja amayamba awasefa kenako kuwatenthetsa kuti madzi onse achoke, chifukwa madzi akatsalamo umapeza wapanga sopo m'malo mwa dizilo, ndipo ana ambiri amagwa pomwepa ulendo woyamba. Akatero pa lita imodzi amathira methanol, mankhwala amadzimadzi a m'gulu la mowa koma osamwa, pafupifupi 200 ml momwe asungunuliramo caustic soda. Akakhala mafuta atsopano sodayo ndi magalamu 3.5 basi, koma a pachiwaya omwe akazingira mbatata sabata yonse amakhala ndi asidi wambiri, ndiye mwana amayenera ayeze kaye kuchuluka kwa asidiyo ndi njira yotchedwa titration kuti adziwe soda wowonjezera, zongoganizira sizigwira. Amatakasa kwa ola pa madigiri 60, osapyola poti methanol amawira pa 65. Akazisiya zidekhe glycerine amakhala pansi, biodiesel, yemwe ndi dizilo wochokera ku mafuta ophikira uja, n'kuyandama pamwamba, mizere iwiri yooneka ndi maso.

Chomwe alekichala akufuna apa si dizilo kwenikweni ayi. Akufuna mwana azolowere kufunsa kuti ndalowetsa zingati, zatuluka zingati, zotsalazi zipita kuti. Amati green chemistry, kutanthauza Chemistry yosamala chilengedwe, mfundo zake 12 anazilemba Paul Anastas ndi John Warner mu 1998, ndipo yoyamba imati bola osapanga zinyalala kusiyana n'kudzavutika kuzichotsa.

Za ntchito ndisakunamizeni, mafakitale a biodiesel kuno simuwaona mbwee. Koma ethanol wochokera ku molasi, zotsalira popanga shuga zija, timapanga, ku Dwangwa kuyambira 1982 komanso PressCane ku Chikwawa, ndipo amasakanizidwa mu petulo. Kumeneko, ku Malawi Bureau of Standards, kumafakitale a sopo ndi mafuta ophikira, konseko amafuna munthu wa dzanja lodziwa kuyeza. Mumuuze azisunga bwino malipoti ake a ku labu, pa intavyu amathandiza.

Chimodzi chokha, asadzayese zimenezi pambaula kunyumba. Methanol amaoneka ngati kachasu koma ndi poizoni, amachititsa khungu ngakhale kupha kumene, komanso sachedwa kugwira moto. Kunyumba kuzifika chigubu cha mafuta chokha basi.