Kuthamangira ana odwala khansa ya m'maso: yankho kwa achemwali a ku Manchester

Achemwali ena okhala ku Manchester andilembera imelo. Mwana wa mlongo wawo, wa chaka chimodzi ndi theka, adamupeza ndi khansa ya m'maso yotchedwa retinoblastoma, ndipo diso limodzi adalichotsa. Mwana ali bwino, akusewera. Iwo akufuna kuthamanga mpikisano kuti asonkhe ndalama zothandizira ana ena, koma akuti chithamangire chawo ndi cha ku pulayimale. Mafunso awo ndi awa: ayambire pati, ndalama azipeza bwanji, nanga si bwino ndalamazo zingopita kumudzi m'malo mopatsa bungwe la ku Britain?

Achemwali, pepani ndi zomwe banja lanu ladutsamo. Ndiyamba ndi funso lomalizalo, chifukwa ndi lomwe lingakuyambanitseni ndi anthu mukapanda kulikonza msanga.

Ku Britain khansa imeneyi imapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi sabata iliyonse, ndipo anawo amalandira chithandizo pa zipatala ziwiri, Birmingham Children's Hospital ndi Royal London Hospital. Pafupifupi onse amapulumuka. Bungwe lomwe limayang'anira za matendawa, Childhood Eye Cancer Trust (CHECT), limathandiza mabanja, limalipirira kafukufuku ndi kuphunzitsa anthu zizindikiro. Kwathu nkhani ndi ina. Kafukufuku wa m'maiko 149 yemwe adatuluka mu 2022 adapeza kuti m'maiko olemera ana 99 mwa 100 alionse adali moyo patatha zaka zitatu chiwapezereni ndi matendawa, pamene m'maiko osaukitsitsa adali 57 okha. Khansa ndi yomweyomweyo. Chosiyana n'chakuti kwathu mwana amafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe diso litatupa kale n'kutuluka kunja, ndipo mabanja ena amasiyira panjira chithandizo chifukwa chosowa ya thiransipoti.

Ndiye mtima wanu sukunama pokokera kumudzi. Koma sankhani chimodzi musanapemphe ngakhale paundi imodzi. Mukatenga malo a mpikisano kudzera ku CHECT n'kuvala malaya awo, ndalama zonse n'zawo. Simungapatuleko zina kuti zipite ku Blantyre, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Mukafuna zipite kwathu, gulani nokha malo, pezani bungwe lolembetsedwa ku Britain lomwe limagwira ntchito ndi mawodi a ana a khansa ku Malawi, ndipo muwafunse mwachindunji ngati ndalama zanu zingalunjike kumeneko. Zolandirira ndalama mu akaunti yanu n'kumati mudzatumiza kwa wakutiwakuti, zisiyeni. Timadziwana ife: mawa lino wina adzafunsa za denga latsopano la kumudzi kwanu. Mutandifunsa ine, chaka choyambachi thamangirani bungwe la CHECT, popeza ndi lomwe mlongo wanu akulidziwa ndipo dongosolo lonse lilipo kale. Zakumudzi zibwere ulendo wachiwiri, mutadziwa njira.

Za mpikisano, musayambire London Marathon. Ndi makilomita 42, ndipo ofuna malo a 2026 adaposa 1 miliyoni, pamene omaliza mpikisano wa 2025 adali cha m'ma 56,000. Mabungwe amakhala ndi malo awo, koma amafuna ulonjeze kusonkha ndalama zokwera, kawirikawiri mapaundi 2,000 kapena kuposa. Pakhomo panu pomwepo pali Great Manchester Run mu Meyi, ya makilomita 10 kapena 21. Ikakukomerani, Great North Run, ya makilomita 21 kuchokera ku Newcastle kukafika ku South Shields, imachitika mu Seputembala. Poyambira tengani pulogalamu yaulere ya NHS (bungwe la zaumoyo la boma la Britain) yotchedwa Couch to 5K: masabata 9, katatu pa sabata, kuyenda n'kumathamangako pang'ono. Loweruka m'mawa pitani ku parkrun, makilomita 5 aulere, komwe oyenda pansi sasekedwa. Gulani nsapato zabwino, ndipo ngati muli ndi BP kapena shuga, muonane kaye ndi dokotala. Miyendo izolowera yokha.

Chovuta ndi kupempha. Ife tidazolowera kusonkha pa maliro ndi pa ukwati, ndiye wina adzakufunsani ndithu kuti kuthamanga kwanu kukukhudza bwanji thumba lake. Musamuyankhe ndi makilomita. Muuzeni za mwanayo, makolo ake atavomera, ndipo chithunzi chake musachiike pa Facebook iwo asanalole. Tsegulani tsamba pa JustGiving kuti ndalama zizipita ku bungwe osadutsa m'manja mwanu. Yambani ndi anthu omwe mukudziwa kuti apereka zooneka, chifukwa obwera pambuyo amayang'ana zomwe anzawo aponya. Aliyense wolipira msonkho ku Britain mumukumbutse kuchonga Gift Aid: pa paundi iliyonse boma limaonjezera 25p, ndiye mapaundi 20 amasanduka 25. Izi sizikhudza ndalama zochokera kwa abale a ku Malawi kapena ku Joni, ngakhalenso zogulitsa mandasi ndi samusa mukatuluka m'tchalitchi. Komabe mandasiwo phikani, amayenda. Kuntchito funsani ngati kampani imaonjezera pa zomwe antchito asonkha; ena amatero koma salengeza.

Pali china chomwe inu mungachite kuposa mzungu aliyense wothamanga nanu tsikulo. Uthenga uliwonse wopempha womwe muponye m'magulu a WhatsApp a kumudzi, muikemo zizindikiro m'Chichewa. Matendawa amagwira ana osakwana zaka 5, ambiri asanakwane zitatu. Pakati pa diso, pakuda paja, pamaoneka poyera kapena ponyezimira ngati diso la mphaka usiku, makamaka pa chithunzi chojambulidwa ndi fulashi kapena madzulo m'nyumba. Mwina diso limodzi limayang'ana kumbali. Mwana samva kupweteka poyamba, n'chifukwa chake agogo amati ndi ng'ala chabe, tidikire akule, ena n'kuyamba kudonthezera zitsamba. Kuyera kumeneku kuli ndi zoyambitsa zina, inde, koma wosiyanitsa ndi wa chipatala cha maso, sabata yomweyo. Makolo ambiri amathawa akamva zochotsa diso. Inu muli ndi umboni m'banja mwanu kuti mwana amakula bwinobwino ndi diso limodzi ndi lina lochita kupanga.

Mlongo wanu asaiwalenso kuti pafupifupi ana 4 mwa 10 alionse odwala khansayi ali ndi mtundu woyenda m'magazi, wochokera ku jini (gene, kanthu ka m'thupi kotengera kwa makolo) yotchedwa RB1. Afunse madokotala zotsatira za kuyeza mwanayo ngati ali ndi mtundu umenewu, ndipo akauzidwa kuti ndi mtundu umenewo, makanda a pabanjapo, ngakhale obadwira ku Malawi, ayezedwe maso akangobadwa.

Mukalembetsa mundiuze tsiku. Mapaundi 20 anga alipo, Gift Aid ndichonga.