Galimoto yopanga ndekha ikumwa petulo kwambiri, vuto lili pati?

Funso: Amakaniko, ndapanga kagalimoto ka matayala atatu m'galaja mwanga, awiri kutsogolo limodzi kumbuyo. Ndinatsatira mapulani amene ndinagula pa intaneti kuchokera ku America, ndipo ndinaikamo injini ya njinga yamoto ya 200cc. Mapulaniwo akuti kayenda mamailosi 100 pa galoni imodzi, koma ine lita imodzi ikundithera pa makilomita 17 okha, injini ikutenthanso msanga. Kabureta ndasintha kawiri koma palibe chasintha. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, kaburetayo isiyeni, ndipo bwezeranipo imene inabwera ndi injini. Aliyense akaona mafuta akutha amathamangira kabureta, n'kugula yotchipa ya pamsika yosadziwika komwe yachokera, vuto n'kukhala awiri. Ine ndikukayikira matayala akutsogolowo. Galimoto zowotcherera pakhomo zimene zandipeza, zambiri zimabwera zili ndi matewe: tayala lina likufuna kupita uku, lina uko, injini n'kumakoka zonse ziwiri mokakamiza.

Musanamasule bawuti iliyonse, zimitsani injini, chotsani giya, muikankhe galimotoyo pamalo osatsetsereka, pa simenti kapena pa tala. Kagalimoto kopangira kusunga mafuta kayenera kuyenda ndi dzanja limodzi, ndipo mukakasiya kapitirire kokha kamtunda ndithu. Mukaona kuti mpaka mwaikapo phewa, kapena kakuima pomwe mwachotsera dzanja, dziwani kuti petulo wanu akuthera pamenepo.

Kenako yezani. Mukhazike munthu wolemera ngati inu pampando woyendetsera, chifukwa galimoto yopepuka imasintha kaimidwe munthu akakwera. Wongolani chiwongolero, muikankhire kutsogolo mamita angapo kuti matayala akhale m'malo mwake. Lembani kadontho ka choko pakati pa tayala lililonse lakutsogolo, chakumbuyo kwake, pamlingo wa ekisero, muyeze ndi tepi kuchokera pa kadontho kena kufika pa kanzake. Kankhaninso galimotoyo mpaka timadontho tija tibwere kutsogolo pamlingo womwewo, muyezenso. Miyeso iwiriyi isasiyane kupitirira mamilimita awiri kapena atatu, ndipo wakutsogolo ndiwo ukhale wocheperapo. Anthu amati kodi mamilimita 10 n'chiyani. Pa tayala lotalika theka la mita, kusiyana kwa mamilimita 10 kukutanthauza kuti pa kilomita iliyonse tayala lililonse likukwekwerezeka chammbali mamita 10. Mphira ukutha, mafuta akutha. Yendetsani chikhatho modutsa pamwamba pa tayalalo: mukamva kusalala popita koma kukanda ngati mano a sowo pobwerera, umboni ndi umenewo. Tayala lakumbuyo nalo liyang'ane pakati penipeni pa awiri akutsogolo. Mangani zingwe ziwiri zokoka bwino mbali zonse za galimoto, muyeze kuchokera pa chingwe kufika pa limu, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ndikukuuzani, chingwe ndi tepi zandipezera mavuto ambiri kuposa chipangizo china chilichonse m'galaja mwanga.

Mukatha apo, kwezani tayala lililonse ndi jeke mulizungulitse. Likaima msanga kapena likamalira, ndi mabuleki ogwira kapena mabering'i. Yendani makilomita atatu, muime pang'onopang'ono osaponda buleki kwambiri, muyandikize dzanja pa habu iliyonse. Yotentha kuposa zinzake ndiyo ikudya mafuta. Mabering'i a m'mabokosi osalembedwa kanthu ndimadana nawo, amatha mwezi usanathe, ena amabwera opanda ndi girizi yemwe. Mpweya wa m'matayala ndi tcheni sindichita kukuuzani.

Chachiwiri ndi kulemera. Mapulani ambiri a ku America amafuna mapaipi opyapyala koma olimba, ena achitsulo chotchedwa 4130. Kuno munthu akachisowa amatola mapaipi a madzi kapena zitsulo zopangira geti, n'kuwonjezera zina pamwamba kuti akuti ilimbe. Ikani sikelo yoyezera matumba a chimanga pansi pa tayala limodzi limodzi, enawo muwakweze ndi matabwa kuti galimoto ikhale yowongoka, muphatikize manambala atatuwo, mufanizire ndi zimene zalembedwa pa pulani. Ngati mwapitirira kwambiri, injini imene inapangidwira njinga ikukoka katundu wosayenera, ndiye ikani sprocket (gudumu la mano loyendapo tcheni) yaikulupo kumbuyo kuti isamavutike ponyamuka. Ngati munawotcherera mapaipi a madzi opakidwa zinki, musabwerezenso: utsi wake umadwalitsa, ndipo zowotcherera zake sindingazikhulupirire pa fulemu yonyamula munthu.

Za kutentha n'zosachita kufunsa. Injini imeneyo imazizira ndi mphepo, ndiye mukaitsekera m'kati mwa bodi mwaimana mpweya. Boolani polowera mphepo kutsogolo kwa injini, ndi potulukira kumbuyo kokulirapo. Onaninso pulagi mukabwezera kabureta yake: ikhale yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ikayera mbuu, petulo akuchepa ndipo pisitoni ipsa.

Manambala a pa pulaniwo muwamvetse bwino. Galoni ya ku America ndi malita 3.785, mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, choncho mamailosi 100 pa galoni ndi makilomita pafupifupi 42 pa lita. Komanso manambala otere amayezedwa pamsewu wosalala, pa liwiro losasinthasintha. Galimoto ya Centurion imene Robert Q. Riley ankagulitsa mapulani ake, ya injini yaing'ono ya dizilo ya Kubota pa chesisi ya galimoto ina yotchedwa Triumph Spitfire, inatchuka ndi mamailosi 128 pa galoni, koma anali pa liwiro la mamailosi 35 pa ola, omwe ndi makilomita 56. Mukathamanga kuwirikiza kawiri liwiro limenelo, mphepo imakukankhani kuwirikiza kanayi. Pamisewu yathu ya zitunda ndi maenje, mukafika makilomita 30 pa lita ine ndingati mwagwira ntchito yabwino.

Zoyesa zonsezi chitirani pamalo opanda anthu. Musailowetse pamsewu waukulu a Road Traffic asanaiyeze n'kuilembetsa, ndipo munthu wodziwa kuwotcherera aone kaye pamene mwalumikiza chiwongolero ndi mabuleki. Mukayeza matayala ndi kulemera kwake, munditumizire manambalawo ndikuuzeni sprocket ya mano angati imene mugule.