Achimwene a ku Graniteside, yambani ndi komiti

Achimwene, ndawerenga zimene munalemba usiku uja: mumaweruka 7 koloko koma ovataimu sioneka pa peyisilipi, chaka chachinayi chino akukusainitsani makontirakiti a miyezi itatuitatu, ndipo mutatchula za yuniyoni anzanu, amene makolo awo anachokera ku Malawi ngati ife, akuti "ife ndife obwera, tisapute mavu." Ine ndagwira zaka zambiri m'fakitale yosoka zovala ku Southerton kuno ku Harare, ndinakhalaponso mlembi wa komiti ya antchito, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo.

Zopanga yuniyoni yanuyanu yatsopano zisiyeni kaye. Imafuna malamulo ake olembedwa ndi kukalembetsa ku unduna wa zantchito, ndipo pamene mukuthamanga ndi mapepalawo abwana amakhala atamva kale. Kuno ku Zimbabwe mayuniyoni amayendera mtundu wa ntchito: osoka zovala ali ndi yawo, a zomangamanga yawo, alonda yawo, a m'mafamu ali ndi GAPWUZ. Yanu iliko, muifufuze mulowe. Koma chimene mungachite mwezi uno pa fakitale pomwepo ndi workers committee, komiti ya antchito. Labour Act, lamulo la ntchito, imalola antchito a pa kampani iliyonse kusankha komiti yotere, mamanijala salowamo, ndipo ikakhalapo imakumana ndi mabwana mu works council, momwe mipando imakhala yofanana mbali zonse ziwiri. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limanenanso poyera kuti wantchito ali ndi ufulu wolowa yuniyoni.

Musanaitane msonkhano uliwonse, pitani ku ofesi ya NEC (National Employment Council, bungwe la mabwana ndi mayuniyoni a ntchito ya mtundu umodzi) ya ntchito yanuyo mukapemphe pangano la malipiro, lija amati CBA. Mmenemo ndi momwe muli magiredi, malipiro otsikitsitsa a giredi iliyonse, maola a pa sabata ndi kawerengedwe ka ovataimu. Za makontirakiti anuwo mufunse komweko, chifukwa kuyambira 2015 lamulo limati munthu amene akungomuonjezeraonjezera kontirakiti amasanduka wokhazikika ikakwana nthawi imene NEC yake inaika. Waganyu naye akapitirira masabata 6 m'miyezi inayi yotsatizana amawerengedwa wokhazikika. Ambiri a ife sitidziwa zimenezi, ndipo ena a mabwana amadyera pomwepo.

Chimene chinatipulumutsa ife sichinali kukuwa. Panali mayi wina wa pa makina osokera makolala, wosalankhulalankhula, amene ankasunga kope la ana asukulu m'chikwama chake, pansi pa kontena ya nsima. Tsiku lililonse ankalemba nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ndi dzina la kapitawo amene watiuza kuti titsale. Kopelo linachita kuda ndi mafuta a makina. Tsiku limene designated agent, wofufuza madandaulo wa ku NEC, anabwera, abwana anati ovataimu kulibe pano. Mayi aja anangotulutsa kope lija n'kuliika pa tebulo pambali pa mapeyisilipi athu, ndipo nkhani inasintha pomwepo. Inunso gulani kope mawa. Pezani anthu atatu kapena anayi m'madipatimenti osiyana, aliyense azilemba lake, ndipo muzijambula masambawo pa foni. Muonenso ngati ndalama ya NSSA, bungwe la boma la penshoni, imene amakudulani ikufikadi kumeneko. Dziwani kuti dandaulo la pa ntchito likagona zaka ziwiri limatha mphamvu, choncho ovataimu yakale ikuthothoka mwezi ndi mwezi.

Polankhula ndi anzanu, pewani gulu la WhatsApp poyamba. Pagulupo sipalephera kukhala mmodzi wotumiza zithunzi za macheza ku ofesi. Lankhulani ndi mmodzimmodzi, pa mzere wa makombi kapena podya masana, ndipo muyambe ndi kumufunsa chimene chikumuwawa iyeyo. Wina ndi ovataimu, wina ndi magolovesi ong'ambika, wina ndi gawo la malipiro limene amalandira mu ZiG, ndalama ya dziko lino, pamene lendi ku Epworth akulipira m'madola. Mukaona kuti oposa theka ali nanu, apo ndiye lembani kalata yopempha chisankho cha komiti, musaine ambiri, osati inu nokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, komanso dzina limodzi pa kalata ndi losavuta kulifufuta.

Posankha atsogoleri ndi pamene ife tinagwa koyamba. Tinasankha mnyamata wapakamwa, wolankhula Chingerezi chothyakuka, tonse tikuwomba m'manja. Sipanapite miyezi yambiri anam'kweza kukhala supavaiza, komiti n'kufera pomwepo. Mpaka lero ndikamakumbukira mtima umandipweteka. Sankhani anthu amene safulumira kupsa mtima, amene anzawo amawasungitsa ndalama za chipereganyu osadandaula, muikemo amayi, ndipo mugwirizane kuti palibe wolowa mu ofesi ya abwana yekha. Zonse zokambidwa zilembedwe, ziwerengedwe kwa anthu tsiku lomwelo.

Anzanu amene akuti yuniyoni ndi ndale musawanyoze, mantha awo ali ndi pochokera. ZCTU, mgwirizano waukulu wa mayuniyoni, inayamba mu 1981, Morgan Tsvangirai anali mlembi wake wamkulu, ndipo chipani chotsutsa cha MDC chinabadwira mmenemo mu 1999. Mbali inayo kuli ZFTU, mgwirizano wina wa mayuniyoni, imene anthu amaidziwa kuti imatsamira ku chipani cholamula. Ndiye munthu akamva liwu loti yuniyoni amaona misonkhano ya chipani ndi apolisi. Ena amakumbukira July 2015, khoti lalikulu la Supreme litagamula mlandu wa Zuva Petroleum, anthu zikwizikwi n'kuchotsedwa ntchito ndi notisi ya miyezi itatu lamulo lisanakonzedwe, ndipo amafunsa kuti mayuniyoni anali kuti. Enanso amangoona ndalama yodulidwa pa peyisilipi mwezi ndi mwezi, wa yuniyoni osaonekako. Zonsezi ndi zoona. N'chifukwa chake ndimati mukapita ku yuniyoni muwafunse maso ndi maso: mudzabwera kangati pa fakitale, ndani adzatiimire wina akaitanidwa ku hearing, mlandu wa pa ntchito, mumadula zingati. Ndipo pa komiti yanu zovala za chipani zitsale kunyumba.

Koma mawu oti "ndife obwera" amenewo ndiye sindiwalola. Ndikudziwa kumene achokera: kutchedwa mabhurandaya (a ku Blantyre) kusukulu, zitupa zolembedwa alien, makolo athu kulandidwa ufulu wovota itasintha Citizenship Act mu 2001. Komabe lamulo la ntchito limateteza wantchito, silifunsa kuti agogo ake anakwera sitima kuchokera kuti, ndipo malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo ndi la dziko la SADC. Tikanenanso za mbiri, mayuniyoni kuno kumwera ali ndi dzanja lathu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndiye anayambitsa yuniyoni ya ICU ku Cape Town mu 1919. Robert Sambo, wa kwathu ku Malawi, anaibweretsa ku Bulawayo mu 1927 mpaka atsamunda anam'thamangitsa m'dziko. Chaka chomwecho sitiraka ya pa mgodi wa Shamva anaitsogolera ndi anthu a ku Nyasaland. Auzeni anzanuwo zimenezi, ambiri sanazimvepo.

Za sitiraka musazitchule n'komwe pakadali pano. Ili ndi njira yake: kuyanjanitsidwa kaye, notisi yolemba, voti yachinsinsi. Mukangotaya zida chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi, mwawapatsa abwana chifukwa chokuchotserani, ndipo khoti silidzakumverani chisoni. Wina akakupatsani pepala loti musaine kuti mwasiya nokha ntchito, musasaine, nenani kuti mukufuna mukaliwerenge kunyumba ndipo mubwere ndi wokuimirani.

Loweruka masana ndimakhala pakhomo ku Mufakose. Ndilembereni kumbali tigwirizane, mubwere ndi mapeyisilipi atatu omaliza, makontirakiti onse amene munasunga, ndi mnzanu mmodzi amene mumam'khulupirira, tidzalembere limodzi kalata ya komitiyo.